Foni yabodza imene inadwalitsa mayi a Tadala

Linali Lachisanu loyamba la Marichi, 2 koloko masana. Akazi anga, mayi a Tadala, anali pa basi ya ku Ongar, dera lina la kunja kuno, pamene foni yawo inalira. Mwamuna wina, m'Chingerezi chaukali, anawauza kuti mapepala awo okhalira m'dziko muno afufutidwa, apolisi adzawatenga Lolemba.

Linali bodza, ndipo tinatsimikiza msanga. Koma thupi silinamve. Chakudya anasiya, tulo tinathawa, ntchito ya ku eyapoti anaiimitsa kaye. Dokotala anawalembera mankhwala.

Woimbayo anadziulula yekha, akudzitama pa phwando ku Finglas, dera lina la konkuno. Ndi Mmalawi mnzathu, wa mpingo wathu womwe. Mkazi wake anagonja kwa mayi a Tadala pa chisankho cha wapampando wa kwaya.

Mkulu wa mpingo anabwera kunyumba. "Bambo a Tadala, anali macheza chabe. Kodi magazi anatuluka? Za pachibale sitipita nazo kwa maloya."

"Abambo," ndinatero, "mankhwala ali patebulowo ndi a macheza?"

Ndinapita kwa loya. Anandifotokozera kuti kuno, ukaopseza munthu mwadala ndi bodza mpaka adwale, akhoza kukusumira ngakhale sunamukhudze n'chala chomwe. Kukhumudwa kokha sikukwanira. Pamafunika kalata ya dokotala, ndiponso umboni wakuti anachitira dala. Zonse ziwiri tinali nazo.

Abale anga, n'chifukwa chiyani timangowerengera bala looneka? Wothyola mnzake mkono timamutcha chigawenga. Womudwalitsa ndi mantha timati ndi wanthabwala. Kuno kunja timadziwana bwino pamene pamapweteka, ndi pa mapepala, ndipo ena amabaya pomwepo podziwa kuti tingomeza. Ndi angati akuonda m'nyumba zawo poopa kutchedwa osakhululuka?

Kalata ya loya inamupeza woimba foni uja sabata yatha. Lamlungu lapitali, mapemphero atatha, wodzitama uja anaimirira pamaso pa mpingo wonse.

"Mayi a Tadala, ndine ndinaimba foni ija. Ndinachitira dala. Pepani."

Akazi anga sanalire. Anamuyang'ana n'kunena kuti, "Bwerezani, achimwene. Akumbuyo sanamve."

Anabwereza.

M'mawa mwake ndinakoka sutikesi imene akazi anga anali atalongedza n'kuibisa kunsi kwa bedi, yodikira apolisi. Ndinapachika madiresi awo mu wadirobu, limodzilimodzi.