Belu la Maliro a Munthu Wamoyo

Nditasiya koleji ku Nairobi ndinalibe kolowera, ndipo kubwerera ku Malawi chimanjamanja sindinafune. Bambo wina wachikulire wa kwathu, wapampando wa gulu loliza belu patchalitchi china chapakati pa Kilimani ndi Kawangware, anandipezera kachipinda kuseri kwa tchalitchicho. Lamulo linali limodzi: ndiziliza belu la m'mawa. Ndikalakwitsa, kachipinda kapita.

Ndinalowa Pasaka itangotha. Gululo linkakonda misonkhano kuposa belu. Chingwe cha belu chitayamba kuduka mu Adiventi, anakambirana mpaka Khirisimasi, uku akumwa chai. Ndinachimanga ndekha, n'kudzudzulidwa kuti sindinadikire komiti.

Akuno amati "piga kengele", kumenya belu, ndipo ine ndinkalimenyadi. Mkwiyo wonse unkathera pachingwepo. A m'mafulati a ku Kilimani anadandaula.

"Iwe mphwanga," anatero apampando, "belu si mphunzitsi amene anakulepheretsa mayeso. Uziliza pang'onopang'ono."

"Ndamva, bambo."

Mu Lenti apampando anadwala, n'kugona kunyumba. M'mawa wina ndinati mumtima, si paja mukufuna pang'onopang'ono? Ndinaliza kamodzi, n'kuyasamula. Kamodzinso, n'kukanda mutu. Anthu akuno sanamve chachilendo. Koma kwathu kuliza kotero n'kwa maliro, ndipo ine ndinali nditaiwala.

Posakhalitsa amayi a ku Malawi anatulukira kuchokera ku Kawangware, zitenje m'chiuno, mipango kumutu, manja kunkhongo.

"Apampando atisiya! Mayo ine!"

Palibe anandifunsa kanthu. A kwaya anali atayambitsa kale nyimbo. Kenako pageti panaima bodaboda, njinga yamoto yonyamula anthu, n'kutsika apampando eni ake, atamva pafoni kuti amwalira.

Kwa nthawi yoyamba komiti inakumana tsiku lomwelo. Ine chikwama ndinali nditalongedza kale. Mayi wina wa m'komitimo anati ndichoke basi: ndawalizitsa pachabe, komanso mandasi awo apserera pamoto.

Apampando ankangomwetulira.

"Amayi, inutu mumalira bwino, sindinkadziwa. Koma a kwaya aja ndawaona, ngakhale msozi umodzi."

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Iwe, chaka chonse chino sunalizepo bwino ngati lero. Sukuchoka. Tsiku langa lenileni likadzafika ndikufuna dzanja lomweli."

Ndikugonabe m'kachipindako. Apampando anachira, koma akangokhosomola pamsonkhano amandiyang'ana, n'kunena kuti, "Usathamange, mphwanga. Ndidzakuuza ndekha."