Bere lomwe ndinamumana mu minibasi ya ku Ndirande

Mwana wanga woyamba ndinamusiyitsa kuyamwa ali ndi miyezi isanu ndi umodzi, tsiku limodzi lokha, ngati kutseka mpopi. Sikuti ndinkafuna. Ndili woyembekezera anandipeza ndi kachirombo, ndipo masiku amenewo anesi a kusikelo ankatiuza kuti miyeziyo ikakwana bere lithe lero lomwe, osabwererakonso, apo ayi mwana umupatsira. Bambo ake ankadziwa zonse, poti kachiromboko tinali nako tonse awiri, koma anandiuza mwamphamvu kuti mayi awo asamve. Iwo n'kumapita kuntchito ku Chirimba, kundisiya ine ndi khanda lolira komanso mawere olimba ngati maungu.

Tsiku lachitatu apongozi anafika kuchokera ku Nsanje kudzaonetsa maso kuchipatala. Mmawa wake ndinakwera nawo minibasi pamsika wa Ndirande, mwana ali pamiyendo. Tisanafike patali mwana anayamba kulira. Aliyense amene analerapo amadziwa kuti khanda la msinkhu umenewo dziko lake lonse lili pakamwa. Likamva njala, mantha kapena kutentha, limafuna bere basi. Ankakoka bulauzi yanga, kugunditsa mutu pachifuwa, kukamwa kuli yasaa.

"Mayi inu, tamupatsani bere mwanayo," anatero mayi wina wa dengu la tomato kumbuyo.

Ndinatulutsa kapu ya phala lamadzimadzi. Anaikankha, phala n'kutayikira pachitenje cha apongozi.

"Atsikana a masiku ano akuti mawere angagwe," anatero kondakitala, anthu n'kuseka.

Bambo wina wa tayi anachita kutembenuka. "Kodi mwanayu ndi wanudi? Ana akubedwatu m'tauni muno."

Mpaka lero ndikakumbukira tayi imeneyo mtima umandiwira. Mkaka unali utanyowetsa bulauzi yonse, aliyense akuona, koma ine ndine wakuba! Anthu osandidziwa ndi dzina lomwe, ataimika bwalo pa chifuwa changa.

Kenako apongozi anatambasula dzanja n'kuyamba kumasula batani langa lapamwamba. "Mukundichititsa manyazi," ananong'ona. "Mdzukulu wanga afe ndi njala mayi ake ali pompano?" Batani lachiwiri linamasuka. Mwana anamva fungo la mkaka n'kukhala chete, milomo ikufunafuna. Kunena zoona, thupi langa lonse linkafuna kumupatsa. Kungomusiya ayamwe mphindi imodzi, minibasi yonse ikanandileka, chinsinsi cha bambo ake chikanakhala bwinobwino.

Ndinagwira dzanja la apongozi. "Amayi, siyani. Ndili ndi kachirombo. Mwana wanu ali nakonso. Uyu yekha ndi amene angapulumuke."

Sindinanong'one. Ndinafuna ndi wa tayi yemwe amve. Mayi wa tomato anakokera dengu lake kwa iye ngati ndilikhudza. Kondakitala anayamba kuyang'ana kunja. Palibe anapepesa. Mwana anayambiranso kulira, ndipo ndinatenga chala chake chachikulu n'kumuika m'kamwa. Anachiyamwa mpaka tinatsika.

Apongozi sanandiyankhule masiku awiri. Bambo a mwanayo atamva anakalipa kuti ndawayalutsa. Ine ndawayalutsa! Iwo bulauzi yawo sinamasulidwe pagulu. Patapita zaka zochepa malangizo akusikelo anasintha, amayi omwa mankhwala n'kumayamwitsa mpaka mwana ayende. Ndinkawaona pamsika ndikupsa mtima, osadziwa woti ndimupsere.

Mwanayo atamuyeza anamupeza alibe. Koma chala chija sanachisiye, mpaka anayamba nacho sukulu. Apongozi atabweranso ndinawapeza pakhonde akusinja tsabola, akuti amupake kuchala asiye zaukhanda. Ndinalanda kambaleko n'kukataya kudzala.

"Bere ndinamulanda ndine, amayi," ndinawauza. "Chalachi ndinamupatsanso ndine. Musachikhudze."