Ufa pa Paipi ya Landirova

Tinanyamuka kumudzi kwathu, kuseri kwa Bembeke, nkhungu ya mwezi wa Juni isanayere. Filomena wanga wa zaka zinayi anali kumsana, chifuwa chikulira. Asisitere a pamishoni anati ndi chibayo, ndithamange naye kuchipatala chachikulu ku Dedza tsiku lomwelo. Pamutu ndinasenza za munthu wokadikirira matenda: kathumba ka ufa, poto, ndi tinkhuni tomanga ndi mphira ya njinga.

Pamsewu tinapeza basi itapita. Matambala anga makumi awiri ndinawamangiranso pansonga ya mpango. Dzuwa litakwerako, panaima Landirova yotuwa, yopanda dzina lililonse pachitseko. Inu a masiku ano simungamvetse. Zaka zija za makadi a chipani, galimoto yotero ikaima pakhomo, munthu ankatsanzika ana ake.

"Kwerani, mayi," anatero bambo wa jekete lakuda amene anakhala pambali pa dalaivala.

Ndinayang'ana mwana, ndinalemba chizindikiro cha mtanda, n'kukwera kumbuyo.

"Bambo a kunyumba ndani?" anafunsa osacheuka.

Mulungu andikhululukire, ndinatchula dzina la malemu amalume. Akufa sangawamange.

"Nanga chimanga chacha bwanji kwanuko?"

"Chacha kwabasi, bambo. Tikukhuta." Chikhalirecho nkhokwe inali theka, koma mawu oti njala ankapita ndi anthu.

Tisanayende patali, adalaivala anaimika pakamtsinje. "Yatentha," anatero. Anadikira kuti izizireko, anathira madzi, tinapitirira. Pachitunda cha mitengo ya paini, popanda nyumba ngakhale imodzi, inaimanso, nthunzi ili tolo kutsogolo. Mtima wanga unati basi, apa ndiye anakonza.

Koma wa jekete uja anatembenukira dalaivala. "Iwe, madzi athanso? Wakutuma ndani kuti ndisafike?"

"Bwana, ine ndili ndi ana. Mwina wina waibaya kumene tinagona kuja."

"Winayo ndani? Tchula!"

Apo ndinaona kuti iwonso akuopana. Adalaivala anatsegula boneti. Anasolola kachitsulo ka oilo n'kukayang'anitsitsa. "Oilo ndi wakuda bwino, madzi sanalowe mu injini. Akutulukira kunja. Koma potulukira pake sipakuoneka, fani yamwaza madzi ponseponse."

Filomena anatsokomola mpaka maso kutembenuka. Mantha anga anathera pomwepo.

"Pepani abambo, ndinganeneko? Kwathu mtsuko ukamadontha koma mng'alu osaoneka, timaupukuta, n'kuuwaza phulusa. Pamene pade ndi pomwepo."

"Iyi si mtsuko, mayi," anatero wa jekete.

"Phulusa tilitenga kuti kuno?" anafunsa adalaivala.

Ndinamasula kathumba kaja. Adalaivala anatsikira kukhwawa ndi poto wanga kukatunga madzi, maulendo anayi. Itazizira, anatsegula chitsekero cha redieta atakulunga dzanja m'chiguduli, n'kudzaza. Tinapukuta mapaipi onse ndi mpango wanga, ine n'kuwaza ufa ngati ndikuphika phala, mpaka injini inayera mbee. Adalaivala analiza injini. Tonse atatu tinaweramira, mitu pamodzi, ngati anthu odziwana. Paipi yam'mwamba, ufa uli wouma gwa. Yam'munsi, pafupi ndi kachitsulo komangira, ufa unayamba kuda, kenaka kadontho.

"Ndi apo!" ndinakuwa, n'kuiwala kuti ndikulankhula ndi ndani.

Wa jekete anapakhudza ndi chala nthawi yaitali. "Si mpeni uwu?"

"Ndi ukalamba, bwana. Onani, mphira yafumbwa yokha."

Bwana uja anavula jekete n'kugwira paipi. Adalaivala anadula kansonga kong'alukako, anabwezera paipi, anamanga kachitsulo, n'kukulunga pamwamba ndi mphira ya pankhuni zanga. Chitsekero anachisiya chosamanga kwambiri, ati kuti madzi asakankhe mwamphamvu. Nkhuni zinangomwazika m'galimoto, ine osasamala.

Tinatsika chitunda pang'onopang'ono, adalaivala diso lili pakasingano ka kutentha, ine khutu lili pachifuwa cha mwana, ndikusinthanitsa mikanda ya kolona. Palibe anafunsanso za chimanga.

Tinafika pachipatala dzuwa litapendeka pang'ono. Anamwino anamulandira Filomena m'manja mwanga n'kumubaya jakisoni nthawi yomweyo. Pamene ndinkatuluka kuti ndikathokoze, Landirova inali itakhota kale, kulowera njira ya ku Linthipe. Tsiku lachisanu mwana anadzuka n'kupempha chinangwa.

Ndimayamika Mulungu, ndipo anthu aja ndimawapempherera ngakhale sindiwadziwa maina. Koma pali china chimene ndimachipereka m'pemphero lomwelo. Sindinadziwe kumene galimoto ija inkathamangira. Ngati inkapita kukaima pakhomo pa mayi mnzanga, ndiye kuti ndine ndinaifikitsa. Ambuye adziwa okha kuti ndinali ndi mwana kumsana.