Nyimbo Imene Ankaimba Posita

Ndinataya mkazi. Ndinataya mwana amene anali m'mimba mwake. Ndinataya Chilozi chochepa chimene ndinali nditayamba kumva, poti m'nyumba munalibenso wochilankhula. Kenako ndinataya nyimbo yake, ndipo mpaka lero sindimvetsa kuti inapita bwanji.

Inalibe mawu, kapena mawu analipo koma iye sankawatchula. Ankangoing'ung'udza posita malaya anga opita nawo kusukulu kumene ndinkaphunzitsa. Titamuika m'manda, nyimboyo inkandibwerera pang'onopang'ono, pamzere wogula sopo, kapena pamsika wa Maramba anyamata a chipani akufunsa makadi. Ndinaopa kuti tsiku lina sidzabweranso. Ku koleji anatiphunzitsa kuti cholembedwa sichitayika, choncho ndinafunafuna munthu woti aiike papepala.

Anthu anandilozera kwa bambo wina woliza lipenga m'bandi ya jazi pahotela ina. Makolo ake, monga anga, anachokera ku Nyasalande. Nthawi imeneyo malire a pa Zambezi anali otseka, alendo odzaona malo kunalibe, ndipo bandiyo inkayeserera masana, mipando ili mbee.

"Ba ticha, ife sitilemba," anatero. "Mapepala ni ya ba kwaya. Imbani timveko."

Ndinaing'ung'udza. Anaiika pa lipenga, ndipo inatuluka ndendende mmene ndinaiperekera. Ndinagwira mpando. Koma atafika kumapeto sanaime. Anaibwereza akuikhotetsa pakati, kenako anaikweza, woimba ng'oma naye n'kulowerera.

"Mwaisintha," ndinatero.

"Sininasinthe. Nayenda nayo chabe."

"Nanga yoyamba ija ili kuti?"

"Ilimo mukati. Imwe mukachoka mu kalasi iyi kungena mu inangu, mumakamba chimodzimodzi?"

Ndinamupempha kuti alize yoyambayo yokha. Anayesa mofatsa, koma kwa ine sinali yomweyo. Iye anati ndi yomweyo. Wang'oma anati ayi, yachiwiri ija ndiyo inali pafupi.

"Osamumvera uyu," anatero wa lipenga. "Makutu anasiya ku migodi."

Anaseka onse awiri. Ine ndinakhala pakati pawo, tayi ili pakhosi, osadziwa woti ndimukhulupirire.

Ndinapitabe Loweruka ndi Loweruka. Ndinkamufunsa kuti amadziwa bwanji pokhotera, ndiponso chimene chimamubweza akapita kutali. Ankayankha kuti zala ndizo zimadziwa, iye amangotsatira. Tsiku lina anati nyimbo ikaimbidwa mofanana kawiri ndiye kuti yafa. Ataona nkhope yanga anapepesa, n'kuyamba kupukuta lipenga lomwe linali loyera kale.

Ndinafotokozerako wosema ziboliboli wina wa ku Mukuni Park, amene ankadziwana ndi mkazi wanga kutchalitchi. Anamvetsera akupaka polishi ya nsapato pa mvuu yamtengo.

"Ine nikasema mvuu, siniganiza ija ya mu Zambezi," anatero. "Nimakumbuka yamene ninasema dzulo."

Sindinadziwe ngati akunditonthoza kapena akundichenjeza.

Mlamu wanga, mkulu wake wa malemuyo, atabwera kudzatenga zovala, ndinamuimbira. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti kwawo kulibe nyimbo yotero. Mwina, anatero, mng'ono wake anangoipeka yekha. Mwinanso ndinali nditamuimbira ya wa lipenga. Sindinathe kusiyanitsa.

Masiku ano ndimasita ndekha. Ndikayamba kung'ung'udza, kukhota kwa lipenga kuja kumalowamo kosaitanidwa, ndipo ndimaleka. Ndinkati jazi ndiyo inandisokonezera, koma pali chinanso chimene ndimachizemba.

M'mawa wa tsiku limene mkazi wanga anapita kuchipatala, msana unkamupweteka, ndiye ndinamusitira diresi ndine. Ndinkaing'ung'udza nyimboyo osazindikira. Galimoto ya aneba inali italiza kale hutala panja, ine ndinali ndi kalasi, ndipo tinagwirizana kuti ndimupeza masana. Anaima pakhomo, chikwama chili m'manja, akundiyang'ana ngati ndine mwana amene walephera samu.

"Si so, ba ticha. Mwaiyambira pamwamba. Lekani, nikabwela nizakuphunzitsani."