Mtovu wa kuseri kwa nyumba yathu

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene atate anayamba kusungunula mabatire kuseri kwa nyumba yathu ku Kafue Estates. Inali nthawi imene mafakitale a boma ankagulitsidwa, ndipo amuna ambiri amene anachokera ku Chipata ndi ku Petauke kudzagwira ntchito ankangokhala pakhomo dzuwa lonse. Atate anali mmodzi mwa iwo. Kufakitale anali a zamagetsi, munthu wosalankhulalankhula koma wa manja osatha kukhala chete.

Poyamba anayesa kukonza mawailesi, koma m'misika munali mutadzaza mawailesi otchipa ochokera kunja, ndipo anthu ankangogula ina. Kenaka msodzi wina wa ku Chanyanya anawauza kuti asodzi akusowa timiyala tolemetsa maukonde kuti azimira bwino m'madzi. Mabatire akutha a galimoto sankasowa, popeza maminibasi anali atachuluka pa msewu wa ku Lusaka. Atate ankawaswa ndi nyundo, kutayira madzi ake pansi, n'kuchotsamo mtovu, umene iwo ankautcha ledi. Ankausungunula pa mbaula m'chiwaya chakale, n'kuuthira m'timaenje timene anaboola pa njerwa. Loweruka ankamanga timiyalato panjinga kupita nato kumtsinje, ndipo ankabwerako ndi nsomba. Kunyumba kwathu kunayambanso kununkhira ndiwo.

Utsi wa pambaulapo unali wotuwa, wokanda kukhosi, ndipo unkasiya fumbi loyera pa masamba a repu ndi chibwabwa, masamba a maungu aja, m'kadimba ka amayi, kamene kanali pafupi pomwepo. Ana tinkapakonda pamalopo. Madontho a mtovu ogwera pansi ankauma n'kukhala timiyala tosalala, tolemera bwino m'manja, ndipo tinkasewera nato chiyato ndi anzanga a mumzere wa nyumba zathu. Mlongo wanga Dalitso anali akukwawa. Ankakhala pambali pathu n'kumaika m'kamwa chilichonse chimene watola.

Ine ndinayamba ndi m'mimba. Munkapotokola, ndinkadzimbidwa, ndipo nshima sinkalowa. Kusukulu ndinkasinza, masamu amene ndinkawakonda anayamba kundizungulira mutu. Kukiliniki anandipatsa mankhwala a malungo, ulendo wina a njoka za m'mimba, koma ndinkangoonda. Masiku amenewo mwana akamaonda anthu ankaganiza za matenda amodzi okha, amene sankawatchula dzina. Amayi akamadutsa pampope, nkhani zinkaduka. Achinyamata a tchalitchi china cha Pentekosite, amene ankasonkhana m'kalasi ya pasukulu yathu, anabwera kudzandipempherera Lamlungu lina masana. Anapemphera ndi mtima wonse. Akutuluka, mtsikana wina mwa iwo, amene ankaphunzira unamwino, anakokera amayi pambali n'kuwauza kuti pemphero lachitika, koma mwanayu apite naye ku chipatala chachikulu ku Lusaka.

Tinapita tonse, amayi atabereka Dalitso. Dokotala amene anationa anali mayi wamfupi wa magalasi, wolankhula pang'onopang'ono. Anandiyang'ana m'maso, m'manja, kenaka anandikweza mlomo n'kuyang'anitsitsa nkhama zanga kwa nthawi ndithu. Ndinamva pambuyo pake kuti anaona kamzere kakuda m'mphepete mwa mano. Anatembenukira kwa atate.

"Ba Zulu, musebenza chani?"

"Nipanga tumiyala twa maukonde, na ledi ya mabatire."

"Kuti?"

"Panyumba."

Dokotalayo anavula magalasi. Ananena kuti akuganiza kuti ndi mtovu, koma kuganiza sikokwanira, ndipo pachipatalapo panalibe choyezera. Anali ndi mnzake wogwira ntchito ku labu ina kunja kwa dziko, kumene kunali makina otchedwa masi sipekitiromita. Anapempha magazi anga ndi a Dalitso, komanso kuti tibweretse dothi la kuseri kwa nyumba, masamba a repu ndi ufa umene tinkadya. Atate anafunsa mmene makinawo amaonera chinthu chosaoneka ndi maso. Iye anafotokoza kuti kadontho ka magazi kamalowetsedwa m'moto wotentha kwambiri mpaka kumwazika kukhala tizidutswa tating'onoting'ono, ndipo makinawo amatisankha malinga ndi kulemera kwake. Mtovu uli ndi kulemera kwakekwake, moti sungadzibise ngati chitsulo kapena mchere.

Ndikukumbukira kuti pobwerera, m'minibasi, atate analankhula kwambiri kuposa masiku onse. Ankafotokozera amayi mmene magetsi angakankhire tizidutswato, akujambula ndi chala pa mpando wa kutsogolo. Makinawo anawasangalatsa ngati mmisiri. Sindikhulupirira kuti pa nthawiyo anali atavomereza kuti nkhaniyo ikunena za iwo.

Dokotala anali atawauza kuti asiye kusungunula mpaka zotsatira zibwere. Sanasiye kwenikweni. Anasunthira mbaula kumpanda, natiletsa kuyandikira ikamayaka, koma Loweruka ankapitabe ku Chanyanya. Amayi sanatsutse. Panalibe china chotidyetsa, ndipo zotsatirazo zinachedwa mpaka mvula inayamba kugwa.

Atatiitana, dokotala sanazungulire. Magazi anga anali ndi mtovu wambiri, a Dalitso kuposa anga. Dothi linali lodzaza nawo, masamba a repu analinso nawo, ufa wokha ndiwo unali bwino. Atate anaika chipewa chawo pabondo. Kenaka anafunsa ngati makinawo sangalakwitse, popeza makina alionse amalakwitsa. Iye anayankha kuti anayeza kawiri, ndipo kawiri konse anapeza zomwezo. Anafotokoza za mankhwala ochotsa mtovu m'thupi, amene anali ovuta kupeza, ndiponso kuti ana tichoke pamalopo. Tikunyamuka anafunsa ngati pali ana ena amene amasewera pabwalo lathu. Atate anavala chipewa chawo, tonse n'kutuluka.

Titafika kunyumba, atate anandiuza kuti nditchule anzanga onse a chiyato. Amayi anamvetsa zimene ankafuna kuchita ndipo anawaletsa. Anati anthu akutinena kale, ndiye tikapita kukawauza kuti ana awo adya poizoni pakhomo pathu tidzakhala bwanji mumzerewu. Anakumbutsanso kuti repu ya m'kadimbako ankaigulitsa kwa anthu omwewo. Sankalankhula mwaukali, ankalankhula ngati munthu wotopa. Atate anamvetsera mpaka amayi anamaliza.

"Akamba kale, amake Tisa," anatero atate, akuwaitana amayi ndi dzina langa. "Manje akambe vazoona."

Ananditenga kuti ndiziwalozera nyumba. Tinayambira kwa amake Mutinta, oyandikana nafe, amene mwana wawo anali mnzanga wapamtima. Anatipatsa mpando koma atate anakana kukhala. Anafotokoza zonse ali chiimire: mabatire, utsi, zimene makina anapeza, ndi dzina la dokotala woti akamuone. Sanadzichepetsere mlandu, sanapemphenso kuti awakhululukire. Amake Mutinta anamvetsera atagwira chitseko.

"Ba Zulu, mwana wanga adya repu yanu miyezi yonse iyi."

"Inde, adya."

Anatseka chitseko, ife n'kupita nyumba ina. Kwina bambo wa pakhomopo anaseka, nati makina a azungu sangalephere kupeza kanthu, ndipo iye wagwira mabatire moyo wake wonse osadwala. Kwina anatithokoza mwaulemu wozizira. Paliponse atate ankapempha kuti ana abweze timiyala tonyezimira tija, ndipo anzanga ankatitulutsa m'matumba a mayunifolomu ndi m'zitini, akundiyang'ana ngati ndine ndawalanda. Ine ndinkangofuna kuti tibwerere kunyumba. Manyazi anandigwira kwambiri, ndipo ndinawakwiyira atate, osati chifukwa cha kudwala kwanga koma chifukwa chondiyendetsa pamaso pa anthu.

Masiku otsatira atate anazula kadimba konse. Anapala dothi la kuseri ndi fosholo, kulilonga m'matumba, n'kukalikwirira m'dzenje lakuya kutali ndi nyumba za anthu ndi mtsinje. Pamalopo anawakapo simenti. Anapita ku Chanyanya kukauza asodzi kuti asiya ntchitoyo ndi chifukwa chake. Mwezi usanathe, munthu wina wa kufupi ndi sitesheni ya sitima anayamba kupanga timiyala tomweto, ndipo asodzi anayamba kugula kwa iye.

Ine ananditumiza kwa azakhali ku Lusaka, kumene ndinakhala teremu yonse ndikumwa mankhwala. Ndinachira pang'onopang'ono, ndipo mutu unabwerera m'malo. Dalitso analandira mankhwala ochotsa mtovu aja, amene dokotala anavutikira kuwapeza, ndipo anakula wamphamvu, koma anachedwa kulankhula ndipo sukulu inamukanika. Kuwerenga amakutha movutikira mpaka lero. Amakonza njinga pamsika wa Kafue, ali ndi mkazi ndi ana, ndipo makasitomala amamukonda chifukwa sapsa mtima. Palibe angatsimikize kuti akanakhala wotani pakanapanda mtovu. Atate sanalankhulepo za zimenezi, koma Dalitso akamalimbana ndi homuweki iwo ankatuluka panja.

Atate anakhala mlonda pa sitolo ina kwa zaka zingapo, kenaka anayamba kuika mawaya a magetsi m'nyumba zatsopano, mpaka pamene anamwalira. Amake Mutinta sanawapatsenso moni amayi kufikira tsiku limene iwo ndi Mutinta anasamuka. Ngati anapita naye Mutinta kwa dokotala, sitinamve. Banja limodzi lokha ndi limene tikudziwa kuti linapita, ndipo mwana wawo anathandizidwa msanga.

Lero ndimagwira ntchito mu labu yoyeza zakudya, pa makina a mtundu womwewo. Timayeza nshawa, nsomba, mkaka, uchi, kufufuza chuku chakupha, mankhwala a m'munda ndi zitsulo zoopsa. Ntchitoyi ndi yachete. Makina amalira pang'ono, pa kompyuta pamatuluka mizere, ndipo munthu wozolowera amadziwa msanga ngati chakudyacho chili bwino kapena ayi. Ophunzira akabwera amadabwa ndi mphamvu ya makinawo, kuti amapeza kanthu kochepetsetsa m'thumba lonse la chimanga, ndipo ndimawalola adabwe chifukwa n'zoona.

Koma ndaona zotsatira zambiri zolondola zikuthera m'kabati. Wamalonda amalandira, kuthokoza, n'kukagulitsa katunduyo kumsika wina kumene sayeza. Si onse amene ali oipa mtima. Ambiri ali ndi ana ofuna kudya, ndipo amachita zimene atate anachita poyamba paja, kusunthira mbaula kumpanda n'kumayembekeza kuti mwina sizoona. Makina amamaliza ntchito yawo akanena chimene chili m'magazi kapena m'chakudya. Chotsalacho chimafuna munthu woti avomere kuti chinachokera m'manja mwake, apite kwa amene akhudzidwa, akanene, ngakhale akudziwa kuti ena amutsekera chitseko.

Ndili mwana ndinkaona ngati tsiku lija atate anatichititsa manyazi mumzere wonse. Ndinafika pomvetsa nditakula kuti iwo anali ndi manyazi oposa anga, ndipo anayenda nawo khomo ndi khomo osadikira kuti ayambe achepa.