Amalume Anapereka Khosi Lawo

Bambo mfumu andipempha kuti ndilembe za amalume anga, ometa tsitsi aja tinawaika m'manda mwezi wathawu. Akuti poti ndinakhalitsa kunja ndipo ndinawerenga, ndilemba zokoma. Kuwerenga ndinawerengadi, koma pobwera ndapeza sitolo ya mabuku inasanduka bala, ndipo ambiri amene ndikanawafunsa anagona kale. Ndilemba zimene ndinaona ndisanachoke, ndi zimene andiuza otsala.

Amalume anakulira m'nyumba ya chipinda chimodzi. Sukulu anasiyira panjira, n'kukaphunzira lumo ndi sizasi kwa wometa wina pafupi ndi depoti ya basi. Dzanja lawo linali lopepuka moti nkhalamba zinkawodzera pampando akuzimeta ndevu. Kenaka mowa unawalowa. Unayamba wa Loweruka lokha, n'kudzakhala wa m'mawa uliwonse. Akazi awo anatenga ana n'kubwerera kwawo. Amayi anga akamva mlongo wawo akuimba mumsewu ankatseka chitseko mwakachetechete.

Amalume anasiya mowa tsiku limene anacheka khutu la kasitomala. Palibe mngelo anawaonekera. Anangotseka shopu n'kudzakhala pa benchi lakumbuyo m'tchalitchi muno, pafupi ndi pamene timaika matsache. Anagwanso kangapo, ndipo sankabisa. Ankandiuza kuti, "Ludzu silinafe, mphwanga. Langogona, n'chifukwa chake ndimayenda monyang'ama."

Mowa unachoka, koma unawasiyira manja onjenjemera. Wometa wotero ntchito yamuthera. Apa m'pamene anayamba kupita pachipata cha ndende masiku otulutsa akaidi. Ankafika kwa amene panalibe womuchingamira n'kunena kuti, "Iwe uli ndi manja, ulibe shopu. Ine ndili ndi shopu, ndilibe manja. Tiye."

Ankawaphunzitsa ndi pakamwa pokha. Munthu akadziwa ntchito, kasitomala wake woyamba ankakhala iwo eni. Ankatulutsa mpando pakhonde nthawi imene anthu akupita kuntchito, n'kukhala, n'kukweza chibwano, n'kutsinzina, kuti msewu wonse uone lumo lili pakhosi pawo. Ambiri anadutsa pakhonde limenelo n'kukatsegula mashopu awo.

Wovuta anali amene ankamutcha Chipsera. Iyeyu anabaya munthu ndi mpeni pabala, mumsewu womwewu, munthuyo n'kufa. Atangogwira lumo, makasitomala onse anathawa. Ngakhale akuluakulu a mpingo, amene amaimba za chikhululukiro mokweza kuposa tonsefe, anayamba kukametetsa kuseri kwa msika. A tcheyamani a mpingo anachita kubwera okha.

"Achimwene, thandizani ena, koma uyu ayi. Mpatseni tsache, osati lumo."

"Tsache analigwira mokwanira kundende," anatero amalume. "Inu mubwere mawa. Ndevu zanuzo zikuopseza a kwaya."

Sanabwere, ndipo sipanabwerenso wina. Chipsera analongedza kachikwama kake.

"Madala, ndikuphetsani shopu. Bola ndibwerere kubala, kumene amandidziwa."

"Undimete kaye."

"Ndinakumetani dzulo."

"Zamera. Iwe sukuziona?"

Anametedwa m'mawa umenewo, ndi mawa lake, ndi mkuja wake, mpaka chibwano chinachita zilonda. Anthu ankadutsa akuyang'ana kumbali. Mmodzi yekha sankayang'ana kumbali: wowotcherera zitsulo wa kutsidya kwa msewu, mng'ono wake wa munthu anaphedwa uja. Ankaima pakhomo pa ntchito yake, chitsulo chili m'manja, maso ali pa Chipsera.

Tsiku lina anaika chitsulo pansi n'kuwoloka. Amalume anadzuka pampando, iye n'kukhalapo.

"Ndimete," anatero. "Ndione dzanja limene linapha achimwene."

Lumo linayamba kugwedera m'manja mwa Chipsera. Amalume anamuyandikira n'kunena motsitsa, "Wonjenjemera pano ndine ndekha. Gwira ntchito."

Chipsera anamumeta mpaka kumaliza, osam'cheka. Wowotcherera uja anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali.

"Usaganize kuti ndakukhululukira," anatero. "Koma ndibweranso."

Anabweradi, ndipo atabwera iye ena anasowa chonamizira. Chipsera anamasula kachikwama kaja. Ndiye akuyendetsa shopu lero, ndipo ali ndi banja.

Amalume anakalamba osalawanso dontho. Akazi awo sanabwerere, ndipo iwo sanawaimbe mlandu. Ana anayamba kudzawaona mochedwa, ali kale ndi ana awoawo. Amalume anamwalira Lachitatu lina atachokera ku Misa ya m'mawa, atakhala pakhonde, kolona ili m'manja. Oyandikana nawo ankayesa akuwodzera. Ambuye awalandire mu mtendere wawo.

Ndakhalapo pa maliro a anthu otchuka m'maiko a eni, ndipo zimene zinalankhulidwa kumeneko ndinaiwala. Za maliro awa sindidzaiwala chimodzi. Bokosi analinyamula amuna amene ambirife sitikanawasiya okha pabalaza pathu. Kutsogolo, mbali ina kunali Chipsera, mbali inayo wowotcherera zitsulo. Sanalankhulane njira yonse. Koma mapazi ankaponya pamodzi, poti bokosi silinyamulika mwanjira ina.