Nyale ya Ntchentche pa Thanki ya a Sebastiano

M'mawa uliwonse, asanatsegule n'komwe mazenera a kalabu, a Sebastiano Alufandika ankaviika chala m'thanki n'kulawa. Mchere ukakula, ankathiramo makapu awiri a madzi amvula. Ukakhala bwino, ankapukuta chalacho pamalaya n'kunena kuti, "Mwadzuka, alendo?" Nsomba zitatu za m'thankimo sizinkayankha, koma iwo ankadikirabe pang'ono, monga achitira munthu waulemu.

Thankiyo inali yagalasi, yotalika ngati bedi la mwana. Inkakhala m'chipinda chodyera cha kalabu ya mabwana pa esiteti ya nzimbe ku Chikwawa, m'munsi mwa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko. Mwini wake anali a Lamaki, injiniya wa ku Morishasi, amene anabweretsa pandege nsomba za m'nyanja yamchere ndi miyala yamoyo yomwe ankaitcha makorali. Masana miyalayo inkaphuka ngati maluwa, ina yobiriwira, ina yofiirira, timanja take tikugwedezeka m'madzi.

A Sebastiano anadula nzimbe zaka khumi ndi zinayi mpaka msana unakana. A Lamaki anawatenga pa chifukwa chimodzi: pa esiteti yonse, ndi iwo okha amene anasambirapo m'nyanja yamchere. Ali mnyamata anatsagana ndi bambo awo kuchokera kwa Ndamera kukagwira ganyu woyanika nsomba ku Inyasoro, ku Mozambiki.

Kumayambiriro kwa Novembala wa 1984 a Lamaki anabwerera kwawo, n'kusiyira kalabu thankiyo ndi matumba a mchere wake. Patangopita masiku anayi, mphezi ya mvula yoyamba inapsereza nyale zazitali zomwe zinkawala pamwamba pa thanki.

A Sebastiano sanadandaule. Kwa munthu wa kuchigwa, dzuwa si bwenzi. Mlendo akafika umayamba wamupatsa mthunzi, madzi pambuyo. Mtsuko umakhala pakona pamdima. Chibwerereni, alendo awa ankawamvetsa chisoni: kutentha konseku, nyale ili pamutu tsiku lonse! "Apume nawo," anatero. Anatseka makatani, n'kufunditsa thankiyo chitenje chonyowa cha mkazi wawo.

Patatha masabata awiri nsomba zinali bwinobwino, koma miyala inali itafota. Timanja tonse tinabwerera m'kati, mtundu n'kusuluka ngati malaya akale.

A Paison, manijala wa kalabu, anavundukula chitenjecho ndi zala ziwiri.

"Madala, apa pakununkha maliro," anatero. "Pa 22 Disembala tili ndi phwando la Khirisimasi. Zikapanda kudzuka izi, tikhuthula, pano tiike tebulo la makeke. Ndiye popanda thanki, inu muzigwira chiyani muno? Chikwanje chanu chija chikadalipo?"

Chinalipo, kudenga. A Sebastiano anamva msana ukuyamba kale kupweteka.

Tsiku limenelo anakhala pansi n'kuyang'ana thanki kuyambira uku mpaka uko. Pakona imodzi chitenje sichinkafika, ndipo katani la pazenera linali long'ambika, moti m'mawa kadzuwa kankalowa kopyapyala ngati udzu. Pomwe kankagwerapo panali kamwala kamodzi kobiriwira, timanja take tili tambasu. Anakumbukira mapira amene bambo awo anadzala pansi pa mtengo wa mango, momwe anakulira oyezuka, opanda ngala.

"Kalanga ine," anadziuza. "Ndimati ndikuweta ziweto, osadziwa kuti ndili ndi munda."

Anathamangira kwa Gideon, wamagetsi wa pa esiteti, Mngoni wa ku Ntcheu amene sankatha tsiku osatukwana kutentha.

"Achimwene, ndikufuna dzuwa."

"Inu Asena!" anaseka Gideon. "Dzuwa lakuwotchani chibadwire, lero mukufuna lina la m'nyumba?"

"La m'nyumba lomwelo. Koma losatentha."

"Limenelo mukalipeza mundigawireko ndikaike kuchipinda."

Anayamba ndi babu lalikulu la pakhonde. Linawala, inde, koma pofika masana a Sebastiano ataviika chala anapeza madzi ali ofunda ngati osambitsira khanda, nsomba zikupumira m'mwamba. Analithimitsa msangamsanga. Kutsegula makatani onse kunali chimodzimodzi: galasi linkatentha ngati chiwaya.

Kenako Gideon anabweretsa machubu awiri oyera a mu ofesi, n'kuwapachika ndi waya. Madzi anakhala ozizirira. Patatha sabata miyala ingapo inasuzumira, koma mwamanyazi, yonse yotuwa ngati matope a mu Shire, ndipo ndere zinayamba kumera pagalasi.

"Zadzukatu," anatero Gideon. "Mukufunanso ziimbe?"

"Nkhabe," a Sebastiano anakana m'Chisena. "Kuwala uku n'kwa makalaliki. Si kwa kwawo."

"Kwawo mukukudziwa inu?"

Ankakudziwa. Anatsinzina n'kuona tsiku lina ku Inyasoro, pamene asodzi anawatenga pabwato kupita kuzilumba, iwo n'kumira maso ali otsegula. Pamwamba dzuwa linali loyera. Koma pansi, pomwe panali miyala yotereyi, kuwala kunali kwa buluu. Nyale za a Lamaki nazonso, atakumbukira bwino, imodzi inkaoneka ngati yaviikidwa mu buluu wochapira.

Gideon anapukusa mutu. Chubu la buluu kusitolo kunalibe, ndipo kuitanitsa ku Blantyre kukanatenga miyezi. Kupaka penti? Kukanangophimba kuwala.

Tsiku lotsatira a Sebastiano anapita kukhitchini kukapempha madzi akumwa. Akumwa anamva kuti tsa! Pamwamba pa chitseko panali kabokosi kamagetsi kophera ntchentche, ndipo m'kati mwake munkayaka chubu la buluu weniweni uja. Anaima kapu ili pakamwa.

Mayi Agnesi, mkulu wa ophika, anawaona. "Akulu inu, mwagwidwa ndi mizimu?"

"Mayi, mundibwerekeko nyale iyo."

"Iyo? Nyengo ya mango ino? Mukufuna mabwana adye nyama ya ntchentche?"

"Ntchentchezo ndizipha ndine."

"Ndi chiyani, mfuti?"

"Ndi patapata. M'mawa uliwonse, mpaka yanu ina ibwere."

Mayi Agnesi anapukuta manja pa chitenje. Ankadziwa za chikwanje chija, pakuti nkhani za pa kalabu zonse zinkathera kukhitchini. "Ndikaona imodzi pa nyama," anatero, "mudya ndinu."

"Takhuta, mayi," anathokoza m'Chisena. "Takhuta kwambiri."

Gideon anaika chubu la buluu pakati pa oyera aja. A Sebastiano anakana kuti awatsitse pafupi ndi madzi nthawi imodzi. Wodwala sumuyambitsa ndi nyama, anatero. Anayamba machubuwo ali m'mwamba, n'kumawatsitsa chala chimodzi pa masiku awiri aliwonse. Ankayatsa tambala atasiya kulira, n'kuthimitsa ng'ombe zikamabwerera kukhola. Chitenje chonyowa chija anachikulunga m'mbali ndi kumbuyo kokha, kuti chiziziziritsa galasi monga thumba liziziritsira mtsuko.

Ntchentche nazo zinatsatira nyale yawo mpaka m'chipinda chodyera. Zina zinkagwera m'madzi, nsomba n'kumazipikisana. Gideon ankati a Sebastiano apeza njira yodyetsera alendo popanda kugula ndiwo.

Miyala iwiri sinadzuke. A Sebastiano anaichotsa, n'kukaiika pansi pa mtengo wa bwemba kuseri kwa kalabu. Koma ina yonse, sabata yachitatu, inayamba kutambasula timanja. Wobiriwira uja unayaka ngati tsamba la mpunga wongomera kumene.

Pa 22 Disembala masana, tebulo la makeke linaikidwa kukhonde, ndipo ana a mabwana sanalilabadire. Anaunjikana pa thanki, mphuno zili pagalasi. A Paison ankaima pambali n'kumauza alendo kuti, "Tinavutika nazotu izi." A Sebastiano, ali pakhomo ndi thireyi ya matambula, anangoyang'ana pansi kuti asaseke.

Anthu atachepa, manijalayo anawayandikira, n'kukhosomola.

"Madala, chikwanje chija mungobwereka ena. Koma ndiuzeni, nzeru ya nyale imeneyi munaiwerenga m'buku lanji?"

"M'munda wa mapira, bwana. Ndi kukhitchini."

M'mawa mwake a Sebastiano anafika mwa nthawi yawo. Anaviika chala, analawa, anathira kapu imodzi ya madzi amvula. Anayatsa machubu atatu aja n'kudikira mpaka kamwala koyamba katatambasula timanja. Atatero anavula patapata wa kumanja, n'kulowera kukhitchini akutsimphina, kumene Mayi Agnesi anali ataloza kale ntchentche pazenera.